Tsiku Limene Ndinazira Kampu ya Tenesi

Mundikhululukire, anzanga, kuti munthu ngati ine ndalimba mtima kugwira cholembera. Sindine wodziwa kuyala mawu. Shikola yanga yoyamba inali yofolera ndi udzu, kumtunda kwa Zóbuè, ndipo mpaka lero ndikaima pamaso pa akuluakulu lilime limandilemera. Koma pali nkhani imene ndinaisenza zaka zambiri osaitula, ndiye ndati ndiilembe mmene inachitikira, osaikometsa.

Ndikukumbukira tsiku limene ndinatsika m'shapa, kabasi kakang'ono konyamula anthu, ku Moatize ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, kachikwama m'manja, thumba la mbatatesi pamutu. Kwathu kumapiri kumazizira, m'mawa udzu umanyowetsa miyendo. Kuno mphepo inali ngati yotuluka m'ng'anjo. Malori a malasha ankadutsa motsatizana, ndipo chilichonse chimene unayanika panja, madzulo unkachipeza chitavala mwaye. Azakhali anga, amene anandiitana kuti ndidzapitirize shikola, anandilangiza zinthu ziwiri zokha: ndisamayanike zoyera pa chingwe cha kumsewu, ndipo ndisawachititse manyazi. Amayi nawo ponditsanzika anali atandiuza kuti kwa eni mwana wamkazi sadikira kutumidwa, amaona yekha chofunika n'kuchichita. Mawu amenewo ndinawasunga mumtima kuposa katekisimu.

M'kalasi ndinali ngati bubu. Chipwitikizi changa chinali cha m'buku, chosatuluka pakamwa, ndipo anzanga ambiri ankalankhula Chinyungwe chothamanga moti ndinkangotola mawu awiri atatu. Ndikayankha m'Chinyanja chakwathu ankaseka. Amene anandipulumutsa anali Jasinta, mtsikana wa ku Mithete, wa miyendo italiitali ndi mpata pakati pa mano. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Iwe wakumapiri, sendera uko, benchili si la agogo ako." Nthawi yopuma anandinyemera theka la mkate wake. Dzina la Wakumapiri linandikakamira, ndipo ine ndinamukakamira iye.

Ndi Jasinta amene anandikokera ku tenesi. Kuseri kwa shikola yathu kunali kampu yakale, ndiye kuti bwalo la tenesi, yotsala m'nthawi ya atsamunda, imene mbuzi zinali zitailanda. A Pulofesolo Zakariya, mphunzitsi wathu wa masewero, ndiwo anaiukitsa. Akunja ena ogwira ntchito kumigodi, pobwerera kwawo, anawasiyira malaketi asanu ndi imodzi ndi mipira yometeka mpala. Ukonde unali wa zigamba zokhazokha. Tsiku limene ndinabwera ndi laketi kunyumba, azakhali anaitembenuza kawiri n'kufunsa ngati ndi yophera nsomba kapena yosefera mphale. Ine ndinkaigwira ndi manja awiri ngati mpini wa khasu, mpaka a Pulofesolo anatopa kundikonza n'kunena kuti kunja kuno aliko akatswiri ogwira choncho. Chimene chinandivuta kwambiri chinali kawerengedwe kake: kinze, tirinta, kenaka kwarenta, ndiye kuti khumi ndi zisanu, makumi atatu, kenaka makumi anayi. Ndinafunsa Jasinta chifukwa chake pambuyo pa makumi atatu sipabwera makumi anayi ndi zisanu. Anati azungu ake anatopa kuwerenga chifukwa cha dzuwa.

Wosamalira kampuyo anali bambo ake a Jasinta, a Alufandika, amene ana tinkawaitana kuti atiyu, kutanthauza amalume. Moyo wawo wonse anali woumba ndi kuwotcha njerwa, kufikira pamene malo amene ankatapa dothi analowa mkati mwa waya wa mgodi. Banja lawo linali pa mndandanda wa osamutsidwa kupita ku Mualadze, koma tsiku lonyamuka silinkadziwika. Podikira, a Pulofesolo anawapezera kantchito ka pakampu. Anali munthu wochepa thupi, wa manja okhakhala ngati khungwa, wosalankhulalankhula. Ankatola zibenthu za njerwa zofiira, kuzisinja ndi chitsulo pa mwala waukulu, kuzisefa, n'kuwaza fumbilo pakampu ponse. Kenaka ankakoka chiguduli chomangirira ku thabwa kuti pasalale, ndipo pomaliza ankathirira ndi chitini chimene anachiboola okha ndi msomali. Ankati fumbi la njerwa limamwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe, ndipo likamwa limagwira phazi. Mwana wawo akamasewera ankaima patali pansi pa mtengo wa masawu, chitini m'manja, akunamizira kuyang'ana mizere.

Jasinta ankamenya mpira ngati wamulakwira. Ine mphamvu ndinalibe, koma ndinali ndi khama la munthu amene anakulira kupirikitsa mbalame m'munda: mpira uliwonse ndinkauthamangira n'kuubweza, mpaka mnzanga atatopa. Pofika chaka chachiwiri, mwa atsikana onse tinatsala awiri pamwamba, iye poyamba, ine pambuyo pake.

Chaka chimenecho kunamveka kuti tawuni yathu ikupempha kuti masewero a mashikola a chigawo chonse adzachitikire ku Moatize. Madera ena ankawafunanso. Akuluakulu ankati malasha atikweza, tisamangokhala malo odutsapo malori, nafenso tilandireko alendo. Nkhaniyi inalowa paliponse, kumsika, m'mashapa, ngakhale potuluka m'tchalitchi. Ena ankati kudzamangidwa nyumba zogona ana, ena ankati kudzafika mpope wa madzi kushikola. A Pulofesolo ankalota kampu ya simenti. Jasinta ankati kudzabwera aphunzitsi a tenesi ochokera ku Maputo, ndipo akadzamuona sadzamusiya. Za a Alufandika, tonse tinkadziwa kuti masewerowo akabwera, kantchito kawo kadzakhala ntchito yeniyeni, ndipo banja lawo lidzapeza chifukwa chotsalira m'tawuni.

Anatiuza kuti kubwera alendo odzaona ngati malo athu ndi oyenera. Chimene Moatize inali nacho choposa ena chinali tenesi yathuyo, choncho anakonza mpikisano. Masewero oyamba tinachita mkati mwa mlungu mpaka Lachinayi, ndipo omaliza anawaika Loweruka, pamaso pa alendo, atsikana poyamba, anyamata pambuyo. Omaliza a atsikana anali Jasinta ndi ine. Lachisanu m'mawa a Dilekitolo, mkulu wa shikola, anatiimika pamzere n'kunena kuti aliyense aone chimene angachite, pasapezeke malo amodzi otichititsa manyazi. Ine mawuwo ndinawamva ngati akuuza ine ndekha.

Masana ake ana onse anapita ku bwalo la mpira wamiyendo kukayeserera nyimbo ndi kuguba. Ife awiri anatiuza kuti tipume. Jasinta anapita kwawo, ndipo bambo ake anali atapita kukatola njerwa zina. Ine ndinadutsira kukampu, n'kuima mbali ya ku mtengo wa masawu, kumene anati kudzaikidwa mipando ya alendo. Kuseri kwa mzere wakumapeto, pamene wosewera amaima poyamba mpira, panali patakumbika ndi mapazi athu. Panali chibafa chachitali ngati mphasa, chong'aluka ming'alu, fumbi lofiira litathawira m'mbali. Ndinaona kuti maso a alendo adzayambira pamenepo.

Kwathu kukamabwera alendo olemekezeka, kaya ndi ansembe kaya ndi akuchimuna odzafunsira mbeta, akazi amazira. Amatapa dothi lakuda kudambo, kulikanya ndi madzi, kulipaka pansi ndi chikhatho mozungulira, ndipo likayamba kuuma amalikulunga ndi mwala wosalala mpaka pansi pawale. Amayi anga ankadziwika mudzi wonse pa ntchito imeneyi, ndipo ine anandiphunzitsa ndisanayambe ndi shikola yomwe. Pa zinthu zonse za m'tawuni, ichi chokha ndicho ndinkachidziwa kuposa wina aliyense.

Ndinathamangira kunyumba, n'kutenga ndowa ya azakhali, n'kutsikira kumtsinje. Dothi ndinalipeza pamene pamamera bango, lakuda, lonanda, lonunkhira ngati kudambo kwathu. Ndinasenza maulendo atatu. Ndinasesa fumbi lotsala, n'kudzaza chibafacho, n'kupaka nditagwada, dzuwa likundiwotcha pamsana. Dothi linali lozizira m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Moatize ndinadzimva ngati ndili pakhomo pa amayi. Kutali ana ankaimba nyimbo yolandira alendo, kuibwereza kosatha chifukwa anyamata ankaithamangitsa. Ndi kutentha kwa kuno dothi silinachedwe kugwira. Ndinatenga mwala umene ndinatola kumtsinje n'kukulunga mpaka mikono inatopa. Nditaimirira, pamalopo pankawala ngati msana wa mlamba. Ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha, osauza munthu, poti ntchito yabwino amati imadzinenera yokha.

Loweruka ndinafika nditavala malaya oyera amene azakhali anawachapa n'kuwayanika m'nyumba. Ndinapeza kuti a Alufandika analawirira kusanayere kwenikweni, ndipo anali atawaza kale fumbi latsopano pakampu ponse, lochindikala kuposa masiku onse. Ntchito yanga inali itakwiririka. Mtima unandiwawa pang'ono kuti palibe amene adzaione, koma ndinadzitonthoza kuti chibafa chija chatha.

Alendo anati afika m'mawa, koma anafika dzuwa litapendeka. Tinawadikira ana akukomoka pamzere ndi njala. Masana kunayamba kamphepo kotentha kouluza fumbi lofiira kupita kumipando. A Dilekitolo anaitana a Alufandika kuti athirire. Anathirira. Mphepo itabweranso anawauza kuti awonjezere, makamaka mbali ya mipando, zovala za alendo zingade. Anawonjezera. Magalimoto atamveka kumsewu, anawatumanso kachitatu. Ndinawaona akuima kaye, akuyang'ana pansi, kenaka anapita kukatunga.

Alendowo anali anayi, abambo atatu ndi mayi mmodzi wa magalasi. Anali atatopa ndi kuyendera malo ena, ndipo wamkulu wawo ankangoyang'ana wotchi. Choncho sitinapatsidwe mpata woyamba taponyerana mipira. A Pulofesolo anakwera pa mpando wawo umene ankausanjika pa tebulo, n'kutiuza kuti tiyambe. Ine ndinagwera mbali ya ku masawu.

Nditangoponda kuseri kwa mzere, phazi linasuntha lokha, pang'ono pokha, ngati ndaponda therere. Ndinapondanso ndi linalo. Chimodzimodzi. Pamwamba fumbi linkaoneka lofiira bwinobwino, koma pansi pake madzi anali atakhala, osalowa. Ndinkadziwa chimene chimachitika mwana akataya madzi m'nyumba yozira kumene. Ndinaonapo mlongo wanga akugwa chagada ndi mphika m'manja.

Ndinayang'ana a Pulofesolo pamwamba pa tebulo lawo. Ndinayang'ana a Dilekitolo, amene ankaseka mokweza nthabwala ya mlendo. Kuti ndilankhule, ndinayenera kukweza dzanja pamaso pa anthu onsewo, kunena m'Chipwitikizi changa chopunduka kuti masewero aime, kenaka kufotokoza kuti ine, mwana wakumudzi, ndapaka matope pakampu ya shikola popanda wondituma. Ndinaganiza za nkhope ya azakhali. Ndinaganiza za shapa yobwerera ku Zóbuè. Ndiye ndinasunthira kumbali kwenikweni kwa mzere, kumene dothi langa silinafike, n'kuyamba mpira ndili pamenepo. Gawo lonselo ndinasewera mozemba malowo, ndikuponda ngati nkhuku pa phulusa lamoto. Jasinta anandigonjetsa osatuluka ndi thukuta lomwe.

Pa tenesi, gawo loyamba likatha osewera amasinthana mbali. Tinakumana pa mtengo wa ukonde, pamene njira ndi yopanikiza, mapewa athu anagundana.

"Wakumapiri, lero alendo akuopsa?" anandinong'oneza akuseka. "Limbako, shamwali, asamati ndikumenya mwana."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu analipo, atatu okha akanakwana. Koma mayi wa magalasi uja ankatiyang'ana, ndipo chimene chinatuluka chinali china.

"Usewere bwino," ndinatero.

Mpira woyamba unadutsa bwino. Wachiwiri ndinaubweza wautali, wopita kukona, monga ndinkachitira masiku onse, poti manja anga sankadziwa china. Jasinta anauthamangira ndi liwiro lake lonse kudutsa kuseri kwa mzere. Mwendo wakumanzere unapita kwake, thupi linapita kwake. Kunamveka phokoso ngati phesi louma likuthyoka, ndipo mpaka lero sindikhala pafupi munthu akamathyola mapesi. Sanalire nthawi yomweyo. Anadzuka ndi zigongono, anayang'ana mwendo wake umene unali utapindikira kumene mwendo supindikira, kenaka anaitana bambo ake ndi mawu aang'ono ngati a khanda.

A Alufandika anafika chitini chikadali m'manja. Anthu anakhamukira pakampu n'kupondaponda paliponse. Pamene Jasinta anaterereka panatsala mkwasa wakuda, koma ku Moatize chinthu chakuda sichidabwitsa munthu, aliyense anati ndi matope a mwaye wa malasha. Mmodzi wa alendo anapita kukapondapo ndi nsapato yake yonyezimira, n'kuterereka mpaka anagwira mnzake paphewa. Anatulutsa kabuku n'kulemba. A Dilekitolo ataona kabukuko anatembenukira a Alufandika, n'kuwakalipira pamaso pa ana onse kuti asandutsa kampu dimba la mpunga, kuti munthu wamkulu ngati iwo sadziwa muyeso wa madzi. Sanakumbuke kuti anawatuma ndi iwo. A Alufandika anali atagwada, mutu wa mwana wawo uli pamiyendo pawo.

"Ndine ndathira, inde," anatero.

Ine ndinali nditaima tsidya la ukonde, laketi m'manja awiri. Wina anandisisita pamutu n'kundiuza kuti ndisalire, si mlandu wanga.

Jasinta anamunyamula pa galimoto ya alendo kupita naye kuchipatala ku Tete, bambo ake atakhala kumbuyo. Patapita masiku awiri kunagwa mvula yoyamba, yamkuntho, ndipo inasakaniza zonse zimene zinali pakampu. Pambuyo pake kunabwera kalata yonena kuti masewero apita kudera lina, poti malo athu sanakonzeke mokwanira kusunga ana a anthu. Tawuni yonse inadziwa chifukwa chake. Kumsika ndinamva amayi ena akunena kuti nkhalamba ya ku Mithete yatilanditsa mwayi ndi chitini chimodzi. A Alufandika anauzidwa kuti asadzapondenso pashikola. A Pulofesolo anaika malaketi m'thumba la ufa n'kulimanga pakamwa.

Ndinapita kukamuona Jasinta kamodzi, ndi azakhali, titanyamula nthochi. M'chipinda munkanunkha mankhwala ndi thukuta. Mwendo wake unali m'chikhakha, utakwezedwa ndi chingwe. Anandiuza kuti ndisadzitame, masewero aja sanathe, iye akutsogola ndi gawo limodzi. Ndinaseka, misozi ikutsika. Potuluka tinapeza bambo ake atakhala pansi m'khonde, atatsamira khoma, manja ali pakati pa mawondo. Ndinachepetsa liwiro. Azakhali anandikoka dzanja n'kunong'ona kuti abambo osasamala ngati amenewa sayenera kuwamvera chisoni. Ndinatsatira azakhali.

Mwendo usanapole, lori ya osamutsidwa inafika ku Mithete. Banja lawo linapita ku Mualadze, kutali ndi chipatala, kumene shapa inkafika mwa apo ndi apo. Ndinamva kuti masiku ena obwerera kwa dokotala anawaphonya, ndipo fupa linagwirana mokhota. Jasinta sanabwererenso kushikola yathu. Ndinamulembera makalata awiri onena za mayeso ndi za anzathu, ndipo yachitatu, imene inali ndi zoona, ndinaiwotcha pa mbaula ya azakhali.

Zaka zinapita. Ndinamaliza shikola, n'kuphunzira uphunzitsi, n'kubwerera kumapiri kwathu kukaphunzitsa ana a kalasi yachiwiri. Laketi sindinaigwirenso. Pa kulapa ndinkauza ansembe kuti ndinabisapo zoona, iwo n'kundipatsa mapemphero atatu, ine n'kutuluka ndi katundu wanga yemwe uja. Ndinkadzinamiza kuti nkhaniyo anthu anaiiwala, ndipo kuifukula n'kungotsegula chilonda cha eni.

Tsiku lina m'shapa yochokera ku Tete ndinakhala moyandikana ndi a Pulofesolo Zakariya, atachita imvi, atanyamula matayala a njinga. Tinacheza za uyu ndi uyo. Tikuyandikira pamene ankatsikira, anandiuza kuti anakumana ndi a Alufandika pa maliro ena.

"Ukudziwa, Luziya, mkulu uja mpaka pano amandifunsa za madzi aja," anatero. "Akuti zaka zonse anawotcha njerwa sanaonepo fumbi lake likukana madzi. Ndimamuuza kuti aiwale, ngozi ndi ngozi. Sakumva."

Anatsika, n'kundisiya ndili ndi mawu amenewo mpaka ku Zóbuè.

Tsiku la tchuthi lotsatira ndinakwera shapa ziwiri ndi njinga yamoto kupita ku Mualadze. Nyumba za kumeneko n'zofanana, zoimikidwa m'mizere pa nthaka ya miyala, ndipo ndinasochera kawiri ndisanapeze khomo lawo. A Alufandika anali pa mthunzi wa khoma, akusoka thumba. Anali atachepa kuposa kale. Sanandizindikire mpaka nditanena kuti ndine Wakumapiri, ndiye anaseka n'kuitana m'nyumba. Makina osokera amene ankalira mkatimo analeka. Jasinta anatuluka, mwana kumbuyo, phewa limodzi likutsika pa phazi lililonse, mwendo wakumanzere ukukwakwaza pansi. Anandikumbatira n'kunena kuti ndanenepa ngati mkazi wa mkulu wa mgodi. Nthawi yonse imene ankayenda kuchokera pakhomo kudzafika pamene tinali, bambo ake maso anali pa thumba lawo. Anadzutsa maso Jasinta atakhala pansi.

Anandipatsa mpando, koma ine ndinagwada pa dothi. Ndinayambira pa chibafa chija, ndowa ya azakhali, mwala wa kumtsinje, mpaka phazi langa litasuntha lokha ndi zimene ndinanena pa ukonde. Sindinadumphe kalikonse.

"Dothilo unalitapa kuti?" anafunsa a Alufandika.

"Kumtsinje, atiyu, pa bango paja."

"Lakuda, lonanda?"

"Lomwelo."

"N'kulikulunga ndi mwala."

"Inde, atiyu."

Anaika singano pansi. "Limenelo sitinkaumbira njerwa. Silimwa madzi." Anandiyang'ana. "Ndiye kuti fumbi langa linalibe mlandu."

"Linalibe. Ngakhale madzi anu."

"Zitini zisanu ndi zinayi ndinathira mbali imene ija," anatero. "Ndakhala ndikuzibwereza m'mutu. Ndimati mwina chachisanu ndi chitatu ndicho chinalakwa, mwina chomaliza. Ndimati ndikanakana ulendo wachitatu uja." Anapukuta nkhope ndi thumba lomwe ankasoka.

Jasinta anamasula mwana kumbuyo n'kumuika pamiyendo.

"Za kuzira sindikukuimba mlandu, unali mwana wa amayi ako," anatero. "Koma pa ukonde paja tinagundana mapewa, Luziya." Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa lenileni. "Mwendowu ndinauzolowera, umandiuza ndi za mvula yomwe. Koma bambo awa chichokereni kuchipatala sanandionepo ndikuyenda. Ndikadzuka amayang'ana kumbali. Pa ukwati wanga anakhala panja pa tchalitchi mpaka nditafika kutsogolo. Zaka zonsezi iwe unali ndi mawu m'kamwa."

Sanadikire yankho. Anadzuka movutikira, mwana m'manja, n'kulunjika kukhomo. Kuchokera pa mthunziwo kukafika pachitseko panali kamtunda ndithu kwa munthu woyenda ngati iye. A Alufandika sanatole thumba lawo. Anamuperekeza ndi maso, phazi ndi phazi, phewa likutsika n'kukwera, mpaka analowa ndipo nsalu ya pakhomo inagwa kumbuyo kwake.

"Koma ndi wamtali, mwana wangayu," anatero, ngati akulankhula okha.

Anandiperekeza okha mpaka pamene pamaima njinga zamoto. Panjira sanandikalipire, komanso sananene kuti andikhululukira. Anangondifunsa ngati kwathu mvula ikugwabe bwino, ndi ngati amayi anga akadali ndi mphamvu.

Masiku ano ndikadutsa ku Moatize ndimaona kuti pamene panali kampu paja pamagona malori. Ana a pashikolapo sadziwa kuti panaseweredwapo tenesi, ndipo za masewero amene tawuni inawaphonya palibe amene amazitchula. Ngakhale kwathu kumapiri nyumba zambiri pansi n'pa simenti, atsikana amene ndimawaphunzitsa ambiri sanagwirepo dothi la kudambo. Amalankhulanso momasuka kuposa ife. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amakweza dzanja n'kundiuza kuti ndalakwitsa pa bolodi, ndipo ine ndimamusirira.

Jasinta ndinamulembera kawiri chibwerereni ku Mualadze. Sanayankhe, ndipo sindikuganiza kuti adzayankha. Ubwenzi wathu sunabwerere. Koma mlandu umene a Alufandika ankadziimba unatha tsiku limenelo, pa 4 Okutobala, tsiku la Mtendere, patapita zaka khumi ndi chimodzi chigwereni mwana wawo.